Zimene Delia Analonjeza pa Maliro a Zebron

Ku Mnkhanya munthu wamkazi akamwalira, uthenga usanapite n'komwe kwa abale akutali, anthu ankayamba athamangira kwa Delia Chulu. Anali mayi wamfupi, wa mawu apansi, wolima thonje ndi mapira ngati wina aliyense, koma kuyambira ali ndi mwana mmodzi kumbuyo zinadziwika kuti saopa mtembo. Anayambira pa apongozi ake, amene anamwalira ndi zilonda zoti ana awo enieni ankangoima pakhomo atagwira mphuno. Delia anatenga beseni, sopo ndi chitenje chake chatsopano n'kulowa. Kuchokera pamenepo ntchitoyo inakhala yake, ngakhale palibe amene anakhala pansi kumusankha.

Ankasambitsa mwaulemu, akuyankhula ndi womwalirayo chapansipansi ngati akusamalira wodwala: tembenukani amayi, tikupukuteni kumsana. Ankatseka maso, kumanga chibwano, kupesa tsitsi. Akamaliza ankatuluka n'kukagwada pamaso pa eni maliro kuwafotokozera zimene waona, monga mwambo ulili kumeneko, kuti mimba inali yotupa, kapena miyendo, kapena kuti thupi linali losalala lopanda bala. Eni maliro ankamva, n'kuwomba m'manja, maliro n'kupitirira. Chipatala cha m'deralo chitamanga mochale, nyumba yosungiramo mitembo, ntchito inamutsatira komweko. Ankapalasa njinga m'fumbi, beseni atamangirira pakaliyala, kukakonza amayi a mumpingo asanawaike m'bokosi.

Anthu omwewo, pa ukwati, ankamupatsa ntchito yotsuka mbale. Palibe ankanena poyera kuti manja akewo asathire mchere m'ndiwo za akwati, koma mphika sunkamufika. Delia ankaona, n'kumangotsuka mbale zakezo akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Mwamuna wake anamwalira mwana wawo womaliza, Ennie, ali ku pulayimale. Ennie anali mwana wa mutu. Anakhoza sukulu zonse mpaka anamutenga ku Lusaka kukaphunzira udokotala, ndipo tsiku limene nkhaniyo inalengezedwa m'tchalitchi, a Hosea, mkulu wa mpingo, anapemphera pemphero lalitali lothokoza Mulungu kuti wakumbukira chigwa chino. Aliyense anayamba kumutcha mwana wathu. Okalamba ankawerengera kale jekeseni za misana yawo.

Chimwemwecho chinazilala Ennie atatsala pang'ono kumaliza, pamene ananena kuti iye mtima wake suli pa kubaya jekeseni. Ankafuna kudzakhala dokotala wa mtundu wina, wopima magazi ndi tizidutswa ta thupi pa makina, ndiponso wotsegula mitembo kuti adziwe chimene chapha munthu. Nkhaniyo inayenda m'midzi ngati moto wa lupsa. A Hosea aja, ataimva, anagwedeza mutu panja pa tchalitchi, amayi ambiri akumva.

"Tinkati tapeza dokotala," anatero, "kani tangopeza mdzukulu wa digiri."

Anthu anaseka. Delia anali pomwepo, akupinda nsalu ya paguwa. Mdzukulu, kumeneko, ndi munthu wosambitsa ndi kuika maliro, ndipo mayi ake enieni a Hosea anawasambitsa ndi Delia yemweyo, mwana wawo ali panja kulandira alendo atavala tayi.

Vuto la Ennie linali lakuti madokotala a mtundu umenewo ndi ochepa, ndipo wofuna kulowa ntchitoyo amayenera kuyamba wapeza mmodzi woti azimutsatira pa nthawi ya tchuthi, kuima pambuyo pake ndi kuonerera mmene amagwirira ntchito. Anzake a m'kalasi amene anali ndi amalume m'zipatala zazikulu ankangoimba foni kamodzi, malo n'kupezeka. Ennie anatumiza mauthenga uku ndi uku, koma onse anali ngati mwala woponya mumtsinje wa Luangwa. Tsiku lina anaimbira foni mayi ake. Anati mwina angosiya, popeza mwana wa ku Mnkhanya alibe womutsegulira chitseko.

Delia sankadziwa munthu aliyense ku Lusaka. Chitseko chimene ankachidziwa chinali chimodzi chokha, cha mochale. Anapita kwa Benson, wosunga mochaleyo, amene anazolowerana naye kwa zaka zambiri, n'kumufunsa ngati alipo dokotala wotsegula mitembo amene amafika kuno. Benson anati alipo, mayi wina wochokera ku Chipata, amene amabwera pokhapokha apolisi akakhala ndi mtembo wokayikitsa. Analonjeza kudzamutsina khutu.

Ulendo woyamba Delia anapeza galimoto ya dokotalayo itanyamuka kale. Wachiwiri anafika msanga, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa linapendeka. Dokotalayo atatuluka, akusamba m'manja pampopi wa kunja, Delia anafika n'kugwada.

"Mwaswera bwanji, adokotala."

"Ndaswera, kaya inu. Imani mayi, pansi apo pali fumbi."

Dzina lawo linali a Lillian Mweemba, mayi wamtali wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Anamvetsera mpaka Delia anamaliza, kenako anafunsa chifukwa chake mwanayo sanalembe yekha. Atamva kuti analemba kangapo, anaseka mwamanyazi n'kuvomera kuti mauthenga a pafoni amawaunjikira osawerenga. Anati mwanayo abwere pa tchuthi. Adzayambira konkuno tsiku limene apolisi adzawaitanenso, ndipo akadzaona kuti ndi munthu wokhazikika, adzapita naye ku Chipata kukaona ntchito ya pa makina. Anawonjezera chinthu chimodzi, kuti ngati womwalirayo adzakhale wa kufupi ndi kwawo kwa mwanayo, eni maliro ayambe afunsidwa, chifukwa safuna mkangano pakhomo la mochale. Zina zonse anati akambirana ndi Ennie yemwe pa foni.

Ennie anafika m'nyengo ya dzuwa, pamene njovu zimadutsa m'midzi kufuna mango ndipo munthu sungaponde pansi wopanda nsapato. Kenako anayamba kudikira. Kudikira kotereku n'koipa, chifukwa umakhala ukudikira imfa ya munthu. Delia anapezeka akupempha Mulungu kuti adzakhale mlendo, wa kutali, kenako n'kuchita mantha ndi pemphero lake lomwe, n'kupempha chikhululukiro. Koma m'chigwa muno mtembo wa mlendo ndi wosowa. Aliyense ndi wa pakhomo pa wina.

Amene anamwalira anali Zebron, msodzi, mng'ono wawo wa a Hosea. Anamupeza ali gone pa msasa wake m'mphepete mwa mtsinje, wopanda bala, maukonde ali poyanika. Popeza anafera kutchire, apolisi anatenga mtembo n'kunena kuti suikidwa mpaka upimidwe. Ku nyumba ya maliro manong'onong'o anali atayamba kale. Mkazi wa Zebron, Queen, anali mwana wa munthu wogwira ntchito m'maloji ogona alendo a ku Mfuwe, wobwera, ndipo m'banjamo munalibe mwana. Dzulo lake ndiye anamupititsira chakudya kumsasa. Kwa abale a mwamuna, zimenezo zinali zokwanira.

Benson ataimba foni kuti dokotala akubwera mawa, Delia anavala chitenje cha maliro n'kupita kukapempha. Anapeza a Hosea atakhala pa mpando pansi pa msasa wa udzu, amuna ena atawazungulira. Anagwada chapatali, anapepesa maliro, kenako ananena chimene wadzera. Ankayembekezera kutukwanidwa. M'malo mwake a Hosea anasisita chibwano, ndipo atayankha mawu awo anali ofewa ngati a paguwa. Anati iwo akhala akumva kuti madokotala amenewa amachotsa mitima ya anthu n'kusokerera thonje, ndiponso kuti amabisa zoona akapatsidwa kangachepe. Ndiye ngati mwana wa m'mudzi momwemo akalowe, ndi Mulungu wachita.

"Akakhale maso athu," anatero. "Akatuluka adzatifotokozere zonse, monga mumachitira inu, amake Ennie."

"Adzakufotokozerani, a mkulu. Ndi mwana wanga, mwambo amaudziwa."

Delia anabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Kwa iye panalibe chachilendo. Wogwira mtembo amauza eni ake zimene waona, ndipo wakhala akutero kuyambira utsikana wake. Anaganizanso kuti mwina tsopano a Hosea aona kuti ntchito ya mwanayo ndi yaphindu. Kwa Ennie anangonena kuti eni maliro alola.

M'mawa mwake ku mochale, wapolisi anaitana wachibale kuti adzazindikire mtembo. A Hosea analowa, anayang'ana nkhope, anagwedeza mutu. Wapolisiyo anawauza kuti wachibale mmodzi ali ndi ufulu wokhala mpaka ntchito ithe, ndipo Benson anawakokera mpando. A Hosea anati chifuwa chawo sichigwirizana ndi fungo la mankhwala. Anatuluka mofulumira kuposa mmene analowera, n'kukaima pansi pa mango akudzikupiza ndi chipewa. Ennie, atavala chovala choyera ndi magolovesi, analowa pambuyo pa dokotala, chitseko n'kutsekedwa.

Ennie anatuluka dzuwa lili paliwombo, nkhope itatuwa koma akuyenda bwinobwino. A Mweemba anapatsa Delia moni, n'kunena kuti mwana wake ali ndi maso abwino ndipo sanatembenukire kukhoma ngakhale kamodzi. Anati mwanayo akafike ku Chipata mawa.

Pobwerera ankakankha njinga pa mchenga wa kamtsinje kouma, ndipo m'pamene Delia anamuuza kuti mawa, bokosi lisananyamuke, adzafunika kugwada pamaso pa a Hosea n'kulongosola zimene waona. Ennie anaima, njinga n'kutsamira pa mwendo wake.

"Amama, mwalonjeza chiyani?"

Ennie anafotokoza kuti mawu oyamba amene dokotala anamuuza, tsiku lija pa foni ndiponso lero asanavale magolovesi, anali akuti zooneka m'chipinda muja zimathera momwemo. Nkhaniyi ili m'manja mwa apolisi. Tizidutswa tina atitumiza kukapimidwa, ndipo mpaka zotsatira zitabwera, ngakhale dokotala mwiniwake sanganene kuti Zebron wafa ndi chakuti. Liwu limodzi likangotuluka kudzera mwa iye, za ku Chipata zithera pomwepo, ndipo dokotala adzadziwitsa akusukulu kuti mwana ameneyu sasunga pakamwa. Madokotala a ntchitoyi amadziwana onse. Sipadzakhalanso wina womulandira.

Delia anati iye wakhala akuuza eni maliro moyo wake wonse ndipo palibe amene anamutcha wamiseche. Ennie anayankha mofatsa kuti mawu a mayi ake sanamangitsepo munthu. Apa akanena kuti waona chakuti m'mimba, mwina chinthu choti iye mwini sanachimvetse, pofika madzulo Queen adzakhala atamutenthera nyumba. Akanena kuti sanaone kanthu, n'kudzapezeka kanthu, adzakhala wabodza pamaso pa khoti.

"Ngakhale ine mayi ako sungandiuze?"

"Ngakhale inu, Amama."

Mawu amenewo anamulasa Delia. Koma mkwiyo wake, pamene ankayenda, unachoka pa mwanayo n'kupita pamene unayenera. Anakumbukira mpando umene Benson anakoka. Munthu wamkulu, mbale weniweni wa womwalirayo, anapatsidwa malo oti aone ndi maso ake, n'kuthawira pansi pa mango. Tsopano ankafuna kuti mwana wa mayi wamasiye, yemwe uja anamuseka pa tchalitchi, ataye zonse zimene wavutikira kuti iye apeze ndodo yokwapulira mlamu wake.

Kutacha, anthu akupita kukakumba manda, Delia anauza Ennie kuti alongedze chikwama. Ennie anakana. Kuchoka m'mudzi maliro a mnansi asanaikidwe ndi chinthu chimene anthu saiwala, ndipo sankafuna kusiya mayi ake pamoto. Anati akhala, akagwada yekha n'kunena kuti saloledwa kuyankhula. Delia ankawadziwa anthu akewo. Akanamuzungulira mwanayo, azakhali akulira, amalume akukalipa, wina akumukumbutsa kuti Zebron ankamupatsa nsomba ali wamng'ono, mpaka kenakake kakanatuluka.

"Ndinalonjeza ndine," anatero. "Ndikayankha ndine. Kwera."

Anamukweza pa njinga mpaka ku msewu wa tala, n'kuima naye kufikira minibasi yochokera ku Mfuwe inafika. Kenako anapalasa kubwerera, n'kulunjika ku nyumba ya maliro.

Anafika kwaya itamaliza kuimba, bokosi lili panja. Amuna amene anasambitsa Zebron anali atanena kale zawo, kuti anapeza thupi losokedwa kuchokera pakhosi mpaka pamchombo ndipo za m'kati sakuzidziwa. A Hosea anaimirira n'kulengeza kuti mwamwayi banja linali ndi maso ake m'chipinda chija, ndipo anaitana Ennie. Anthu anatembenuka kufunafuna. Amene anabwera kutsogolo n'kugwada anali Delia.

Ananena kuti mwana wapita ku Chipata, kumene dokotala wamuitana. Ananena kuti iye ndiye analakwitsa polonjeza chinthu chimene sankachidziwa, chifukwa ntchito ya mwanayo ili ndi lamulo lake losiyana ndi la adzukulu, ndipo zotsatira zidzabwera kudzera kwa apolisi zikadzakonzeka. Anapepesa banja lonse.

Kenako a Hosea anayamba, ndipo mawu ofewa aja anali atapita. Anati awanamiza m'maso muli gwa. Anati mwanayo wadya nawo ndalama za anthu obisa mlandu, kapena wadya zina zoipa kuposa ndalama, poti magazi a pakhomo pamenepo amakonda mitembo. Anafunsa khamulo ngati linamvapo za mwana woona maliseche a bambo wa m'mudzi mwake n'kuthawa osaponya ngakhale dothi m'manda. Amayi ena anayamba kung'ung'udza movomereza, ena mwa iwo oti Delia anawasambitsira amayi awo ndi ana awo, pa mvula ndi pa dzuwa, osalandira ngakhale sopo.

Delia anadikira mpaka anamaliza. Sanakweze mawu, moti akumbuyo anachita kufunsa anzawo chimene wanena.

"Wapolisi anakuuzani kuti mukhale, a mkulu. Mpando unalipo. Zebron anali mng'ono wanu, sanali wa Ennie."

Amuna awiri amene anali ku mochale dzulo lake anayang'ana pansi. A Hosea ananena mokweza kuti kuyambira lero manja a pakhomo pa Chulu asadzagwirenso maliro a mudzi umenewo. Palibe amene anatsutsa. Abusa anayambitsa nyimbo mofulumira, anyamata ananyamula bokosi, ndipo Delia anadzuka, anasasa fumbi m'maondo, n'kutsatira kumanda pamodzi ndi ena onse.

Ennie anakhala ku Chipata tchuthi chonse. Ankaimba foni masana a Sabata, akusimba za tinthu tofiirira ndi tobiriwira timene ankationa pa makina, ndi mmene a Mweemba amadziwira matenda a munthu amene sanamuonepo nkhope. Tchuthi chikutha, dokotala anamuuza kuti adzabwerenso chaka chamawa, ndipo anamutchula kwa anzawo a ku Lusaka. Za Zebron sanatchulepo, ndipo mayi ake sanamufunse.

Mvula itayamba kunagwa maliro a mayi wina wokalamba wa mumpingo, amene ankakhala benchi imodzi ndi Delia. Palibe amene anabwera kudzamuitana. Anamva kulira ali m'munda, anaika khasu pansi, anapita, ndipo anakhala pamodzi ndi atsikana otunga madzi. M'nyumba munalowa ena.

Zotsatira zija zinachedwa, monga zimachedwera zinthu zonse zimene anthu osauka amadikira. Queen anapita kupolisi kangapo, n'kumauzidwa kuti sizinafike. Abale a mwamuna wake sanadikire. Anamulanda maukonde ndi bwato, n'kumuuza kuti abwerere kwa makolo ake, ndipo a Hosea anatsogolera pemphero lomutsanzika.

Tsiku limene ankachoka anadzera pakhomo pa Delia, katundu wake yense ali m'chitenje chimodzi pamutu. Anali ataonda. Delia anamuyalira mphasa, anamupatsa madzi, ndipo anakhala kanthawi akukamba za msewu, kuti matope achuluka ndipo njinga zamoto zikukana kulowa. Kenako Queen anayang'ana kapu imene inali m'manja mwake.

"Amayi, ine sindidzauza munthu. Ndingofuna ndidziwe ndekha. Ennie sananeneko kalikonse? Ngakhale pang'ono?"

Foni inali m'thumba la Delia, ndipo ankadziwa kuti akaimba pompo, Queen akulira pambali, mwana wake akhoza kugonja. Anayang'ana mtsikanayo, amene anali wa msinkhu umodzi ndi Ennie.

"Sindinamufunse, mwanawe," anatero. "Ndipo sindimufunsa."

Queen anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anamaliza madzi, anasenza katundu wake. Delia anamulanda mtolowo, anaumangirira pa njinga, n'kumuperekeza m'matope mpaka ku msewu.